Mafunso anu: mendulo za agogo a ku Keyala

Funso: Agogo anga aamuna anamenya nkhondo ku Burma ndipo anatisiyira mendulo zinayi, ziwiri zonga nyenyezi ndi ziwiri zozungulira. Munthu wina akufuna kuzigula. Kodi ndi za ndalama zingati? *Wowerenga wa ku Zomba*

Yankho: Zomwe mwafotokozazi zikuoneka kuti ndi 1939-45 Star, Burma Star, Defence Medal ndi War Medal. Burma Star mungaizindikire ndi riboni yake: pakati ndi yofiira, m'mbali muli buluu wakuda wodutsidwa ndi mzere wa olenji. Asilikali a King's African Rifles (K.A.R. kapena kuti Keyala) ochokera ku Nyasaland anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 ali m'gulu la 11th East Africa Division, ndipo anadutsa chigwa cha Kabaw mvula ili pachimake.

Kunena zoona, mendulo zimenezi pazokha sizikwera mtengo. Zinapangidwa zambirimbiri, nyenyezizo ndi za mkuwa wosakaniza, ndipo boma la Britain linazipereka zosalembedwa dzina. Chomwe chimakweza mtengo ndi umboni woti ndi za munthu wakuti. Fufuzani m'sutikesi ya agogo: buku la malipiro, chikalata chomwe anawapatsa potuluka usilikali, chithunzi atavala yunifomu, kapena kalata ya penshoni yokhala ndi nambala yawo. Zinayizo musazilekanitse, ndipo mapepalawo azikhala nazo limodzi. Ife tingakulangizeni kuti musafulumire kugulitsa, chifukwa ndalama yomwe mungapeze ndi yochepa poyerekeza ndi mbiri ya banja yomwe ichoke.

Funso: Ndili ndi mendulo yasiliva yokhala ndi kachitsulo kopingasa kolembedwa kuti Nyasaland 1915. Ndingadziwe bwanji kuti ndi yeniyeni? *Mphunzitsi wa ku Chiradzulu*

Yankho: Aphunzitsi, imeneyo ndi Africa General Service Medal, yomwe inakhazikitsidwa mu 1902. Kachitsulo ka Nyasaland 1915 kanaperekedwa kwa omwe anatumidwa kukathana ndi kuukira kwa John Chilembwe, komwe kunayamba pa 23 Januwale 1915 m'boma lanu lomwelo. Ndi chinthu cholemera mumtima kuchigwira, chifukwa chinali mphoto ya atsamunda, komabe ndi umboni wa mbiri yathu ndipo osonkhanitsa amachifuna kwambiri. N'chifukwa chake akathyali amachikopera.

Yambani ndi m'mphepete mwa mendulo. Pamenepo pamakhala nambala, udindo, dzina ndi gulu la msilikali, monga 1/K.A.R. Tengani galasi lokulitsa zinthu kakhumi muone ngati zilembo zili zofanana kukula ndi kuzama. Ena amapala dzina loyamba n'kulemba lina. Akatero m'mphepetemo mumatsala timizere ta tupa, ndipo mendulo imachepa. Yeniyeni imakhala pafupifupi mamilimita 36 m'mimba mwake, choncho yezani mopingasa komanso mopendeketsa pogwiritsa ntchito kalipa, kachipangizo koyezera kukula kwa zinthu. Ngati miyezo ikusiyana, mbali ina inapalidwa.

Kenako onani timisomali tomwe tagwira kachitsuloko. Tikakhala tatsopano, tophwanyika ndi hamala kapena tomata ndi mtovu, kachitsuloko kanaikidwa pambuyo pake. Chinyengo chofala ndi chimenechi: kutenga mendulo yeniyeni yotsika mtengo n'kuiveka kachitsulo kosowa. Mendulo yabodza yochita kuumba m'chikombole imakhala ndi timaenje ting'onoting'ono pankhope ya mfumu George V ndi mzere wozungulira m'mphepete pomwe zikombole ziwiri zinakumana. Riboni yoyenera ndi yachikasu, m'mbali mwakuda, pakati pali timizere tiwiri tobiriwira, ngakhale riboni si umboni chifukwa imasinthidwa mosavuta.

Umboni womaliza ndi kaundula. Mndandanda wa olandira mendulo umasungidwa ku National Archives ku Kew, London, m'mabuku otchedwa WO 100. Dzina ndi nambala ziyenera kupezeka pansi pa kachitsulo komweko. Dziwani kuti alembi a atsamunda ankalemba maina athu molakwika, ndiponso asilikali ambiri ankalembetsa ndi dzina limodzi lokha, ndiye tsatirani nambala kuposa dzina. Pa mtengo, onani zomwe mendulo zofanana nayo zinagulidwa pa malonda a Noonans kapena Spink ku London, omwe amaika zotsatira zawo pa intaneti. Musanaitumize kunja, funsani kaye ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale ngati pakufunika chilolezo.

Funso: Mendulo za abambo anga a nkhondo ya ku Malaya zada bii. Ndizikweche ndi phulusa kapena Brasso? *Mayi wa ku Mzimba*

Yankho: Mayi, musatero ayi. Phulusa, mchenga ndi Brasso zimadya siliva pang'onopang'ono mpaka nkhope ndi zilembo za dzina zimafufutika, ndipo ogula amatsitsa mtengo akaona mendulo yonyezimira mopitirira. Kuda komwe mukuonako ndi kwachilengedwe ndipo odziwa amakukonda. General Service Medal ya kachitsulo ka Malaya, yomwe asilikali a Keyala analandira m'zaka za m'ma 1950, ili ndi dzina m'mphepete, ndiye ndi pamenepo pofunika kuteteza.

Ngati pali litsiro, tsukani chitsulo chokha ndi madzi ofunda ndi sopo pang'ono, pogwiritsa ntchito mswachi wofewa, riboni isanyowe. Pukutani ndi nsalu ya thonje mpaka ziume. Mendulo iliyonse ikulungidwe payokha m'pepala lofewa kuti zisamakhudzane. Musazisunge m'jumbo kapena kuzimanga ndi labala, chifukwa labala amadetsa siliva ndipo jumbo limasunga chinyezi nthawi ya dzinja. Riboni yakale ngakhale itathetheka musaitaye. Ikani m'envelopu pamodzi ndi pepala lolembapo dzina, mudzi ndi nambala ya abambo anu.