Aphunzitsi anakana kupempherera chakudya cha mwana wanga, kodi ndikadandaule?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wakwathu amene wangotha chaka chimodzi kuno ku America, ku Indiana. Ndaifupikitsa, koma mawu ake ndi awa:

"Mwana wanga wamkazi ali giredi 2 pasukulu ya boma. Tsiku lina nthawi ya nkhomaliro anapempha aphunzitsi ake kuti apempherere chakudya monga timachitira kunyumba. Iwo anamuyankha mwaulemu kuti saloledwa, koma iye atha kupemphera yekha. Mwana anabwera atakhumudwa, n'kundifunsa ngati kupemphera ndi mlandu. Chondizunguza mutu n'chakuti mchemwali wanga wa ku Texas akuti m'kalasi mwa mwana wake apachikamo Malamulo Khumi. Dziko limodzi lomweli? Pa ndalama yawo analembaponso kuti amakhulupirira Mulungu. Kodi ndikadandaule kwa ahedi?"

Mayi, musapite kwa ahedi. Aphunzitsiwo sanalakwe, ndipo ayankha ndendende momwe lamulo la kuno likufunira. Muuzeni mwanayo usiku uno kuti kupemphera si mlandu. Atha kutsinzina n'kupempherera chakudya chake, atha kunyamula Baibulo m'chikwama n'kumawerenga nthawi ya buleki, atha kuuza mnzake za Yesu pabwalo lamasewera, athanso kujambula khola la ku Betelehemu aphunzitsi akati aliyense ajambule chimene amakonda mu Disembala. Choletsedwa ndi chimodzi: munthu wolipidwa ndi boma kuimirira pamaso pa ana n'kuwatsogolera m'chipembedzo. Mphunzitsi akakhala pantchito ndi pakamwa pa boma. Mwana wanu si boma.

Ndikudziwa kuti kwa ife okulira kumudzi izi zimamveka zachilendo. Ine pulayimale yanga inkayamba ndi asembule pansi pa mitengo ya mango, mizere kuyambira sitandade 1 mpaka 8, mame ali m'mapazi. Ahedi ankatchula kolasi, mtsikana wa mawu akuthwa n'kuyambitsa, kenako tonse Pemphero la Ambuye, nyimbo ya fuko yomwe nayonso ndi pemphero, ndiye zolengeza. Palibe anaonapo chachilendo. Koma ndikaganiza lero, pamzere wanga panali mnyamata wachisilamu yemwe tinkakhala desiki imodzi. Ankatsinzina nafe, milomo ikuyenda nafe, masana n'kuthamangira ku madrasa. Zaka zonse zija sindinamufunsepo kuti mumtima mwake zinkamveka bwanji. Sizinandifikire n'komwe m'mutu, chifukwa ine ndinali kumbali ya ochuluka.

Nkhani ya ku America kuno inayambira pamzere ngati umenewo, kwa anthu amene ankatsinzina mokakamizidwa. Ambiri amaganiza kuti amene anachotsa pemphero m'sukulu ndi anthu osapemphera. Alipo ena otero m'nkhaniyi, koma mizu yake ili kwa Akhristu okhaokha. Dziko lino lisanapeze ufulu, ku Virginia mpingo wa boma unali wa Anglican, ndipo alaliki a Baptist ankatsekeredwa m'ndende chifukwa cholalikira popanda chilolezo. Ku Connecticut msonkho wa anthu unkathandiza mpingo wa Congregational mpaka 1818. N'chifukwa chake m'chaka cha 1791 anaika m'malamulo oyendetsera dziko chiganizo chokhala ndi miyendo iwiri: boma lisakhazikitse chipembedzo, komanso lisaletse munthu kupembedza. Mawu otchuka aja a khoma lolekanitsa mpingo ndi boma mulibe m'malamulomo. Anawalemba ndi pulezidenti wa nthawiyo, Thomas Jefferson, mu 1802 m'kalata yoyankha a Baptist a ku Danbury, omwe anali ochepa kwawoko ndipo ankaopa mpingo waukulu.

Ngakhale zinali choncho, sukulu za boma zinapitiriza kuwerenga Baibulo m'mawa kwa zaka zambirimbiri, ndipo Baibulo lake linali la King James, la Apulotesitanti. Akatolika ochokera ku Ireland atachuluka ku Philadelphia, bishopu wawo Francis Kenrick anapempha kuti ana achikatolika aziloledwa kuwerenga Baibulo la mpingo wawo. Mphekesera inafala yoti Akatolika akufuna kuchotsa Baibulo m'sukulu. Mu 1844 mzindawo unayaka: matchalitchi awiri achikatolika anatenthedwa ndipo anthu anafa. Onse omenyanawo anali obatizidwa. Ichi ndi chimodzi mwa zifukwa zimene Akatolika a kuno anamangira sukulu zawozawo zambiri zomwe mukuziona lerozi.

Makhothi analowererapo mochedwa. Mu 1962, pamlandu wa Engel, khothi lalikulu kwambiri la dziko lino linaletsa kapemphero ka mawu 22 komwe akuluakulu a maphunziro ku New York analembera ana kuti azinena m'mawa. Kanali kapemphero kofatsa, kosatchula mpingo uliwonse, ndipo mwana ankaloledwa kukhala chete. Majaji anati nkhani siili pamenepo: kulemba mapemphero si ntchito ya boma. Chaka chotsatira, pamlandu wa Schempp, anathetsa lamulo la ku Pennsylvania loti tsiku lililonse aziwerenga mavesi khumi. Mnyamata wa banja la Schempp anayamba nkhaniyi mwanjira yondiseketsa: nthawi ya mavesi itakwana, iye anatsegula Korani n'kumawerenga chamumtima, ngakhale sanali Msilamu, kungofuna kuona ngati sukulu ingalole buku lina. Anamutumiza ku ofesi. Koma chigamulo chomwechi chinanenanso poyera kuti kuphunzitsa za Baibulo ngati mbiri kapena ngati zolembalemba n'kololedwa. Mphunzitsi atha kufotokoza kuti Akhristu amakhulupirira kuti Yesu anauka kwa akufa. Sangauze kalasi kuti Yesu anauka, tiyeni timulandire. Kenako mu 1980, pamlandu wa Stone, khothi linakana lamulo la ku Kentucky lopachika Malamulo Khumi m'kalasi iliyonse.

Nanga za ku Texas zikutheka bwanji? Mchemwali wanu sakunama. Maphunziro kuno amayendetsedwa ndi zigawo 50 zija, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo, ndipo mphepo ku khothi lalikulu yatembenuka. Mu 2022 majaji anaikira kumbuyo Joseph Kennedy, kochi wa mpira pasukulu ya sekondale ku Bremerton, yemwe ankagwada pakati pa bwalo masewera akatha. Anati limenelo linali pemphero lake, osati la sukulu. Pogamula anatayanso muyeso wakale wa mu 1971 womwe makhothi ankayezera nkhani zoterezi, n'kunena kuti tsopano aziyang'ana mbiri ndi chizolowezi cha dzikoli. Andale a zigawo zina anaona kuti chitseko chatseguka pang'ono, n'kuponyapo phazi. Louisiana inakhazikitsa lamulo la Malamulo Khumi m'kalasi mu Juni 2024, Texas inatsatira mu 2025, mpaka kutchula kukula kwa chikwangwanicho, mainchesi 16 kwa 20. Makolo, ena mwa iwo abusa ndi arabi (atsogoleri a chipembedzo cha Chiyuda), anakasuma, ndipo milanduyo yakhala ikukwera ndi kutsika m'makhothi. Amene analemba malamulowa sanabise kuti akufuna nkhaniyi ikafike pamwamba kuti chigamulo cha 1980 chija chigwe.

Chokhudza kwambiri ana a msinkhu wa mwana wanu ndi china. Mu Novembala 2024 bungwe loona za maphunziro ku Texas linavomereza, ndi mavoti 8 kwa 7, mabuku ophunzitsira kuwerenga otchedwa Bluebonnet Learning, a ana oyambira kindagateni mpaka giredi 5. Muli nkhani za m'Baibulo: ana aang'ono kwambiri amaphunzira za kuchitira ena zimene ufuna akuchitire kudzera mu ulaliki wa paphiri, a giredi 5 amaphunzira za mgonero womaliza kudzera m'chithunzi cha Leonardo da Vinci. Sukulu sizikakamizidwa kuwatenga, koma yowatenga imalandira ndalama yowonjezera yofika madola 60 pa mwana aliyense. Owaikira kumbuyo amati mwana sangamvetse zolankhula za Martin Luther King kapena zolemba zakale za Chingerezi asakudziwa Mose ndi Msamariya wachifundo. Apa akunena zoona, ndipo ndakumanapo ndi achinyamata a kuno osadziwa kuti Goliati anali ndani. Vuto langa ndi msinkhu. Wa zaka 16 amatha kusiyanitsa pakati pa "anthu ena amakhulupirira kuti" ndi "zinachitika kuti". Wa zaka zisanu ayi. Kwa iye chimene anena aphunzitsi ndicho choonadi, moti kholo ukatsutsa amakuyankha kuti koma aticha anatero.

Mwina mukuti, nanga si zabwino zimenezo, ife ndife Akhristu. Ndikupatseni chitsanzo cha m'nyumba mwanga. Ine ndinakulira mu CCAP, mayi a kunyumba ndi Akatolika. Tsiku lina mwana wathu wamkulu anafunsa kuti lamulo lachinayi ndi liti. Ine ndinayankha msanga kuti ndi la tsiku la Sabata. Mayi ake ali kukhitchini anakuwa kuti ayi, lachinayi ndi lolemekeza atate ndi amayi, la tsiku la Mulungu ndi lachitatu. Tonse tinali olondola. Akatolika amaphatikiza za mafano m'lamulo loyamba n'kugawa pawiri la kusirira, ife timawerenga mwina, Ayuda nawonso amayambira pena. Ndiye boma likasankha mawu oti apachikidwe pakhoma, lasankha kale mbali. Mwana wa Adventist akakweza dzanja n'kufunsa kuti Sabata lakelo ndi Loweruka kapena Lamulungu, aphunzitsi ayankha chiyani? Ndipo aphunzitsiwo mwawasankha ndinu? Atha kukhala a Mormon, atha kukhala ophunzitsa kuti wodwala ndi wochepa chikhulupiriro, atha kukhala osakhulupirira kalikonse n'kumawerenga vesi monyodola. Walira mvula walira matope. Ine chikhulupiriro cha ana anga sindifuna chiphunzitsidwe ndi munthu amene sindidziwa kumene amapemphera, ndipo sindingamufunse chifukwa boma silimulemba ntchito poyang'ana zimenezo.

Kwathunso nkhanizi si zachilendo, kungoti timazizolowera. Ambiri a ife tikukumbuka mkangano wa m'chaka cha 2000 pamene boma linafuna kuika phunziro la zipembedzo zosiyanasiyana m'malo mwa Bible Knowledge kusekondale, mipingo n'kukana kwamtuwagalu, mpaka maphunziro onse awiri anasiyidwa kuti aziyendera limodzi. Za hijabu m'sukulu za mishoni zinafika potsekera sukulu zina. Ana a Chirasta anachita kudikira khothi la ku Zomba mu 2023 kuti aziloledwa m'kalasi ndi tsitsi lawo. Ndipo a Mboni za Yehova, omwe analetsedwa kwathu kuyambira 1967 mpaka 1993, ndi omwewo amene kuno anapambana mlandu mu 1943 woti mwana asakakamizidwe kuchitira sawatcha mbendera. Mpaka lero mwana wanu atha kukhala chete anzake akamalumbira ku mbendera m'mawa, ndipo palibe angamulange. Kusiyana kwake n'kwakuti kwathu sukulu zambiri zinamangidwa ndi mipingo, boma n'kubwera pambuyo ndi aphunzitsi ndi malipiro, ndiye mpingo ukati sukuluyi ndi yathu uli ndi poyambira. Sukulu ya mwana wanuyo inamangidwa ndi msonkho wa aliyense wa m'deralo, Mhindu wa pa filing'i siteshoni ndi dokotala wachisilamu wa kuchipatala omwe.

Za mawu a pa ndalama aja musadabwe nazo. Anakhala mwambi wa dziko mu 1956, nthawi yolimbana ndi chikomyunizimu, ndipo makhothi amawaona ngati mwambo chabe. Ndalama siimuuza mwana kuti agwade.

Tsono ngati mukufuna kuti mwana amve mawu a Mulungu mkati mwa sabata, njira zilipo ndipo n'zololedwa. Ku Indiana kwanuko tsiku la sukulu limakhala ndi kamphindi kachete m'kalasi. Muuzeni kuti imeneyo ndi nthawi yake, anene Atate Wathu chamumtima, m'Chichewa ngati akufuna. Chachiwiri, kuyambira pa chigamulo cha 1952 kholo litha kusainira kuti mwana atuluke pasukulu kwa kanthawi kukaphunzira za chipembedzo kwina, bola zisachitikire m'nyumba za sukulu ndipo boma lisalipire. Mukaona mabasi ofiira olembedwa LifeWise akunyamula ana masana, ntchito yake ndi imeneyo. Bungweli linayambira ku Ohio ndipo lafalikira m'zigawo zoyandikana. Chachitatu, mu 2001 khothi linalola magulu ngati Good News Club kukumana m'makalasi a pulayimale ana akaweruka, ngati sukuluyo imalola magulu ena. Koma musangosaina chifukwa mwaona mawu oti Baibulo. Pemphani kuona zimene amaphunzitsa, funsani kuti mwana aziphonya phunziro liti akatuluka, ndipo dziwani kuti ambiri mwa maguluwa ndi a chiphunzitso cha chievanjeliko, chomwe mwina n'chanu, mwina ayi. Dziwaninso kuti khomo likatsegukira gulu limodzi latsegukira onse, ngakhale amene simungawafune.

Mu Disembala mudzaitanidwa ku konsati ya sukulu. Adzaitcha ya nyengo yozizira, osati ya Khirisimasi, ndipo mudzamva nyimbo ya chipale chofewa, ina ya chikondwerero cha Ayuda cha Hanukkah, mwina imodzi yokha yotchula mwana wobadwa m'khola. Musapse mtima, nyimbo zachipembedzo zimaloledwa ngati gawo la phunziro la nyimbo, kungoti sasandutsa holo kukhala tchalitchi. Chaka choyamba ine ndinakhala kumbuyo manja ali pachifuwa ndikung'ung'udza. Mwana wanga anaimba zonse ndi mtima wonse, yachiheberi yomwe, ndipo pobwerera m'galimoto anapempha kuti timuphunzitse ya Khirisimasi yakwathu yoti akaimbire aphunzitsi a nyimbo. Anakaimba, ndipo iwo anatumiza kakalata kopempha kuti tiwalembere mawu ake ndi katchulidwe kake.