Boma likamalipira zipatala za mishoni, kodi ndiye kuti lagulitsa zaumoyo?

Mayi wina wa ku Ntcheu watilembera imelo kufunsa kuti: boma likamalipira zipatala za mishoni kuti zithandize amayi ulere, kodi si kugulitsa zipatala mobisa?

Ayi mayi, palibe chomwe chagulitsidwa. Zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, ndi za mipingo, ngakhale ogwira ntchito ambiri kumeneko amalipidwa ndi boma. Zomwe mukunenazo ndi mgwirizano wotchedwa SLA, umene unayamba mu 2006. Ofesi ya DHO, yomwe imayang'anira zaumoyo m'boma lililonse, imasainirana ndi chipatala cha mishoni, makamaka kumene cha boma chili kutali, kuti sikelo ya amayi oyembekezera, kuchira ndi chithandizo cha makanda zikhale zaulere. Mwezi ukatha chipatala chimawerenga amene chathandiza, nkulemba invoisi pamitengo yomwe anagwirizana. A DHO amayerekeza ndi kaundula, kenako ndalama zimatuluka.

Pamene zimavuta ndi pamalipiro. Invoisi ikagona miyezi, chipatala chimasowa chogulira magulovu, mankhwala ndi dizilo wa ambulansi. Mitengo ya mu mgwirizano nayo sithamanga ngati ya pamsika. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mankhwala ochokera kunja anakwera pomwepo, pomwe pepala losainirana silisintha lokha. Zikafika apo, chipatala chimaimitsa mgwirizano nkuyambanso kulipiritsa, ndipo mayi wopanda ndalama amachilira kunyumba.

Mantha anuwo amamveka tikayang'ana ku Lesotho. Chipatala cha boma cha Queen 'Mamohato Memorial ku Maseru chinatsegulidwa mu 2011, ndipo chinkayendetsedwa ndi gulu la Tsepong lotsogozedwa ndi kampani ya Netcare, pa mgwirizano wa zaka 18. Boma linkalipira ndalama yokhazikika ya odwala ogonekedwa 20,000 ndi oyendera 310,000 pachaka. Wodwala aliyense woposa apo anali ndi bilu yakeyake. Tsono anthu akamva kuti kwabwera chipatala chabwino amakhamukira komweko, kusiya zipatala za m'maboma, ndiye chiwerengerocho chinkadumphidwa. Mu 2014 bungwe la Oxfam linati chipatalachi ndi tizipatala take tating'ono zinkadya 51 peresenti ya bajeti ya zaumoyo. Ena anatsutsa kawerengedweko, komabe boma linathetsa mgwirizanowo mu 2021, zaka 18 zisanakwane.

Kwanuko, ngati chipatala cha mishoni chayambanso kulipiritsa amayi, pitani ku komiti ya chipatala mukafunse ngati SLA ikadalipo, ikukhudza chithandizo chiti, ndiponso kuti invoisi yomaliza kulipidwa inali ya mwezi uti.