Asadinde chala pa pepala lililonse ali chigonere m'chipatala

Mayi, ndawerenga kawiri zimene mwalembazi zokhudza amuna anu amene avulala pantchito kwa kontirakitala wina, ndipo mtima wandiwawa kwambiri, chifukwa pepala limene kontirakitalayo akufuna kuti amuna anu asayine asanatuluke m'chipatala, ine ndinalidinda chala m'chaka cha 2017 ndipo linandizunza kwa zaka ziwiri zathunthu. Iwo agwa pansanja pomanga nyumba, ine ndinadulidwa ndi macheka, koma machenjera a olemba anthu ntchito ndi amodzimodzi kulikonse. Muwauze lero lomwe kuti asalembe dzina lawo kapena kudinda chala pa chilichonse, ngakhale obweretsa pepalawo afike ndi nkhope yachisoni ndi mawu okoma motani.

Ine ndinkagwira ntchito pa kampani ina yocheka matabwa kuno ku Lilongwe, ndipo ndinali nditakhalapo zaka zinayi ndikulandira K45,000 pamwezi. Macheka aakulu ozungulira aja amayenera kukhala ndi chitsulo chotchinga mano ake, koma chathu chinathyoka chakumayambiriro kwa chakacho, kapitawo n'kuchichotseratu, n'kukachiponya kuseri kwa shedi ponena kuti chimachedwetsa ntchito. Tinadandaula kangapo, ndipo yankho linali lomwelomwelo, lakuti amene akuopa makina abwerere kwawo akalime, pageti pali anthu ambiri ofuna ntchito. Ngoziyo inachitika Lachinayi cha m'ma 3 koloko masana, tikuthamangitsa oda ya mapulanga a paini. Thabwa limene ndinkakankha linali ndi mfundo, linadumpha, ndipo dzanja langa lamanja linatsetserekera kutsogolo. Poyamba sindinamve ululu ayi, ndinangomva ngati munthu wandimenya ndi mtengo pamkono, kenako kutentha kukukwera mpaka paphewa. Nditayang'ana ndinaona kuti zala zitatu palibe, chamkombaphala, chapakati ndi chotsatira chake, ndipo magazi ankathovokera pa thabwa loyera lija. Mnzanga wina anavula malaya ake n'kundimanga nawo pamkono mwamphamvu. Bokosi la mankhwala a pangozi linali lokhoma, kiyi wake ali ndi munthu amene anatumidwa ku banki. Galimoto ya kampani inalipo pabwalo pomwepo, koma kapitawo anati idikire kaye imalize kupakira matabwa a kasitomala amene anali atalipira kale. Ndinakhala pachipika ndikuona magazi akudontha pa gambutsi zanga, ndikuwerenga mapulanga amene anyamata ankakweza m'galimotomo limodzi ndi limodzi, mpaka anzanga anasonkherana ndalama za m'matumba mwawo n'kukaimitsa galimoto ya munthu wina pamsewu. Mnyamata wina wamng'ono, amene anali atangoyamba kumene ntchito, anafukula mu utuchi n'kupeza zala ziwiri, anazikulunga m'kajumbo ka shuga n'kundiikira pamiyendo. Dokotala atatsegula kajumboko anangopukusa mutu, chifukwa macheka sadula bwino ngati mpeni, amanyenya fupa ndi mnofu womwe.

Tsiku lachitatu ndili m'chipatala kunabwera manijala ndi kapitawo yemwe uja, atanyamula botolo la Sobo, buledi ndi envelopu ya K80,000. Anali ndi pepala lolembedwa m'Chingerezi, ndipo anati ndi longotsimikiza kuti ndalandira thandizo la kampani. Mkazi wanga anali atakhala pamphasa pambali pa bedi, lendi ya miyezi iwiri tisanalipire, mwana wathu woyamba atabwezedwa kusukulu chifukwa cha fizi. Ine ndinali nditabayidwa jekeseni wopha ululu ndipo maso ankaona zinthu ziwiriziwiri. Manijalayo anandiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, za ku leba zimatenga zaka, ndiponso kuti ntchito yanga ikundidikira ndikachira. Poti dzanja lolembera linali m'mabandeji, anatulutsa kabokosi ka inki m'thumba la jekete, kapitawo n'kugwira chala changa chachikulu chakumanzere, n'kuchidinda yekha papepalapo. Kabokosi ka inki kameneko sindidzakaiwala, chifukwa munthu wobwera kudzazonda wodwala sayenda ndi inki m'thumba, ndiye kuti anakhala pansi ku ofesi kwawo n'kukonzeratu zonse ine ndikubuula. Patapita miyezi ndi pamene ndinadziwa kuti pepalalo linkanena kuti ndinali waganyu, kuti chotchinga macheka ndinachotsa ndine, ndiponso kuti ndalamazo ndi zomaliza, sindidzafunsanso kanthu.

Nditachira ndinabwerera kuntchito monga anandilonjezera, koma mlonda wapageti, munthu amene tinkadyera limodzi nsima masana, anandiuza akuyang'ana pansi kuti walamulidwa kuti asanditsegulire. Anthu amenewa ndinawagwirira ntchito zaka zinayi osajomba, Loweruka ndi pa tchuthi pomwe, ndipo sanathe ngakhale kutuluka kudzandiuza okha pamaso. Chotchinga chija anachiwotcherera pamakina tsiku lotsatira ngoziyo, zomwe zikusonyeza kuti chimene chinkasowa sichinali ndalama kapena nthawi, koma kuti dzanja la wantchito kwa iwo linali lotchipa kuposa ndodo imodzi yowotcherera. Mpaka lero ndikamanga mabatani a malaya ndi dzanja lamanzere ndimamukumbukira kapitawo ameneyu, ndipo sindinamukhululukire, ngakhale abusa anayesetsa kundilankhula.

Ndinakhala miyezi isanu ndi iwiri ndili phee kunyumba, ndikuganiza kuti poti ndinadinda chala nkhani inatha. Amene ananditsegula m'maso ndi bambo wina wa kutchalitchi kwathu amene anakhalapo mtsogoleri wa bungwe la anthu apantchito, ndipo anandiperekeza ku ofesi ya zantchito, ku leba kuja. Kumeneko ndi kumene ndinamva koyamba kuti dziko lino lili ndi lamulo la chipukutamisozi cha anthu ovulala pantchito, Workers' Compensation Act, la m'chaka cha 2000. Lamuloli limati munthu akavulala ali pantchito ndiponso chifukwa cha ntchitoyo, womulemba ntchito ayenera kulipira, ndipo wovulalayo sachita kufunika kusonyeza kuti bwana ndiye analakwa. Limatinso bwanayo akanene za ngoziyo pasanathe masiku 21, zomwe a kampani yathu sanachite n'komwe, ndipo wovulala apereke dandaulo lake pasanathe miyezi 12. Ndikanangokhala miyezi ina isanu ndikudzimvera chisoni, nkhani yanga ikanavuta koposa. Mawu akuti waganyu aja, amene mwanena kuti kontirakitala wayambanso kuwagwiritsa ntchito kwa amuna anu, asakuopseni. Munthu amene amagwira ntchito yeniyeni imene bwanayo amapezera ndalama, monga mmisiri kapena wothandiza mmisiri pa kampani yomanga nyumba, lamulo limamuteteza ngakhale amalandira pa tsiku kapena pa sabata, ndiponso ngakhale sanapatsidwe kalata yolembedwera ntchito.

Kawerengedwe ka ndalama kali chonchi, ndipo mukagwire bwino kuti munthu asakupusitseni. Munthu akalumala kotheratu moti sangagwirenso ntchito, chipukutamisozi chake ndi malipiro ake a pamwezi kuchulukitsa ka 54, ndipo akamwalira, amene ankadalira iye amalandira malipiro a miyezi 42. Akalumala pang'ono, dokotala amayeza n'kulemba maperesenti a chilemacho, ndipo ndalama zimachokera pa maperesentiwo. Ine dokotala anandilembera maperesenti 25, ndiye pa K2,430,000, yomwe ndi K45,000 kuchulukitsa ka 54, ndinayenera kulandira K607,500. Muone nokha kutalikirana kwake ndi K80,000 ya mu envelopu ija. N'chifukwa chake amathamangira kuchipatala dokotala asanayeze chilema, chifukwa munthu amene wathyoka mwendo kapena msana sadziwika kuti achira motani mpaka patapita miyezi. N'chifukwa chakenso amakonda kuchepetsa malipiro polemba mafomu, choncho kapepala kalikonse kosonyeza zimene amuna anu ankalandira, kaya ndi uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba, kaya ndi tsamba la buku limene ankasayina polandira, muzisunge ngati ndalama. Ndalama zolipirira chithandizo cha kuchipatala ndi za bwananso, zisachotsedwe pa chipukutamisozi, choncho malisiti a mankhwala musataye.

A ku leba analembera kampaniyo makalata atatu, koma mabwanawo sanayankhe ngakhale imodzi. Lamulo lija linanena za thumba limene olemba ntchito onse azisonkhamo kuti ovulala azilipidwa kuchokera mmenemo, koma pa nthawi yanga thumbalo linali la papepala chabe, ndiye munthu umalimbana ndi bwana wako mwachindunji, kapena kampani ya inshuwalansi yake ngati ali nayo. Ndili pakati pa kuyendayenda kumeneku ndinagwa m'manja mwa dobadoba wina amene ankazungulira pafupi ndi chipatala, wovala tayi, amene anati amagwira ntchito ndi maloya ndipo nkhani yanga itha m'milungu itatu. Ananditengera buku langa la kuchipatala ndi K10,000 yotsegulira fayilo, ndipo sindinamuonenso. Ndinavutika miyezi iwiri kuti chipatala chindilembere lipoti lina. Mayi, anthu amenewa afika pabedi la amuna anu ngati sanafike kale, ndipo musawapatse pepala lenileni lililonse, aliyense wofuna kuona mapepala mumupatse fotokope.

Nkhani yanga inasuntha pokhapokha mlamu wanga atandipezera loya weniweni, amene analemba kalata imodzi yokha yopatsa kampaniyo masiku 14. Loyayo anandiuza kuti pepala lodindidwa ndi munthu wogona pabedi, losawerengedwa kwa iye m'chilankhulo chimene amamva, silingafafanize zimene lamulo linamupatsa, komabe maloya a kampaniyo analigwiritsa ntchito kukokera nkhani kwa miyezi yambiri. M'chaka cha 2019 ndinalandira K527,500, atachotsa K80,000 ija, ndipo loya anatengapo gawo lake. Anandiuzanso kuti ndikanatha kusumira kampaniyo ku khoti lalikulu chifukwa cha kusasamala kwawo, popeza lamulo la chitetezo cha pantchito la m'chaka cha 1997 limafuna kuti makina oopsa akhale otchingidwa, ndipo mlandu wotere umafunika kuyambidwa pasanathe zaka zitatu chivulalire. Kumeneko ndi kumene kukanachokera ndalama za ululu umene ndinamva ndi za ntchito imene sindingagwirenso. Koma mboni zanga zonse zinali zikugwirabe ntchito pakampani pomwepo ndipo zinkaopa kuchotsedwa, chithunzi cha makina opanda chotchinga panalibe, ndipo ine ndinali nditatopa. Ndinasiya, ndipo ndimanong'oneza bondo mpaka pano.

Ngakhale zili choncho, musathamangire kwa loya, yambirani ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu mawa m'mawa, chifukwa kumeneko sakulipiritsani ndipo ngoziyo ikalembedwa m'mabuku mwawo kontirakitala sangadzakanenso kuti sinachitike. Mukaona kuti mwezi watha makalata sakuyankhidwa, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza pa milandu anthu amene sangathe kulipira loya, limene lili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Mzuzu ndi Zomba komanso m'maboma ena. Ine sindinkalidziwa pa nthawiyo. Mukasankha loya woima payekha, mupite nokha ku ofesi yake, mumuone maso ndi maso, ndipo zimene adzatenge pa ndalamazo zilembedwe musanayambe. Akadzakuchitani zachinyengo, madandaulo amapita ku Malawi Law Society. Akawachotsa ntchito amuna anu chifukwa chovulala, imeneyo ndi nkhani ina payokha imene imapita ku khoti la nkhani za pantchito, Industrial Relations Court, ndipo musaisakanize ndi ya chipukutamisozi. Ndikupemphaninso kuti musakangane naye kontirakitalayo kapena kumutukwana pa foni, mulankhule naye mwaulemu, chifukwa mafomu ena adzafunika dzanja lake, ngakhale ndikudziwa kuti kufatsa kwanga ine sikunandipindulire kanthu.

Chofunika kuchita dzuwa lisanalowe ndi kutuma m'bale wanu wamwamuna kumalo kumene amamangako nyumbako kuti akajambule nsanjayo ndi foni isanaphwasulidwe, akaonetse matabwa ake, kutalika kwake, ndiponso ngati panali malamba kapena zipewa zodzitetezera. Alembe mayina ndi manambala a anthu awiri kapena atatu amene anaona amuna anu akugwa, chifukwa ntchito yomanga ikatha anthu amabalalika ndipo simudzawapezanso. Muonetsetse kuti dokotala walemba m'buku la kuchipatala kuti anavulala pantchito, osati kungoti anagwa. Ndipo envelopuyo ikabwera, ngati m'nyumba mulibe ufa, ilandireni, sindingakuuzeni kuti ana agone ndi njala poteteza mlandu, koma mulembe nokha m'Chichewa pakapepala kanu kuti mwalandira ndalama zakutizakuti zothandizira kuchipatala, pakhale mboni ya kwanu, ndipo pepala lawolo abwerere nalo lopanda dzina ndi lopanda chidindo.