Kodi wophunzira kimika amathera ku mgodi basi?

Mtsikana wina wa ku Ulongwe, yemwe akumaliza kalasi 12, wanditumizira imelo. Akuti amakonda kimika, koma bambo ake akunena kuti maphunziro amenewo mathero ake n'kukayeza malasha ku Moatize kapena kugulitsa mapiritsi m'famasi. Ndiye akufunsa kuti, kodi alipo munthu wa kuno ku Africa amene amatulukira mankhwala atsopano?

Alipo mwanangu, ndipo kwawo si kutali. A Kelly Chibale anabadwa mu 1964 m'boma la Mpika ku Zambia. Anaphunzira kimika pa University of Zambia, n'kuyamba ntchito pa fakitale yopanga mabomba ophwanyira miyala ku Mufulira. Waona, bambo ako sakunama kwenikweni. Naonso anayambira kufupi ndi mgodi. Kenako anapeza thandizo la maphunziro, anakamaliza digiri ya PhD ku Cambridge mu 1992, ndipo atagwirako kafukufuku ku Liverpool ndi ku America anakakhazikika pa University of Cape Town mu 1996. Mu 2010 anatsegula kumeneko H3D, malo ofufuzira mankhwala atsopano.

Ntchito yawo si yosakaniza mankhwala omwe alipo kale. Amayamba ndi kanthu kamene kaoneka kuti kakupha tizilombo ta malungo m'labotale. Koma kupha tizilombo m'mbale yagalasi n'kosavuta. Funso n'lakuti, munthu akameza, kodi kasungunuka m'mimba? Chiwindi sichikaphwanya kasanafike m'magazi? Sikaononga mtima? Ndiye wakimika amachotsa atomu apa, n'kuika ina apo, n'kuyesanso, ngati wosula kiyi pamsika amene amapala pang'ono, kuyesa pa loko, kupalanso. Amatero kambirimbiri, zaka zikupita, ndipo zambiri zomwe wapanga zimatayidwa.

Umu ndi mmene gulu lawo, mogwirizana ndi bungwe la Medicines for Malaria Venture la ku Geneva, linapezera MMV048. Analengeza mu 2012, ndipo anali mankhwala oyamba a malungo otulukiridwa ndi gulu lotsogozedwa kuno ku Africa kufika poyesedwa pa anthu. Amatseka enzayimu yotchedwa PI4K, puloteni imene kachilomboka kamaifuna kuti kakule, njira yosiyana ndi ya Coartem amene timalandira kuchipatala. Anayesedwa ku Cape Town, kenako pa odwala ku Ethiopia.

Ukapita m'famasi ku Tete lero suwapeza. Anawaimitsa, ndipo kafukufuku anaonetsa kuti amapundula ana a makoswe m'mimba. Mankhwala a malungo amene mayi woyembekezera sangamwe bwinobwino, kwathu kuno angathandize ndani? Ndikukuuza dala zimenezi chifukwa anthu amakonda nkhani ya kutulukira, ya kulephera amaibisa, pomwe m'ntchito imeneyi mankhwala ambiri olowa m'mayeso a pa anthu safika pamsika.

Kwa ine, kukula kwa a Chibale sikuli pa piritsi limodzi. Kale masamba, magazi ndi ophunzira anzeru zinkatumizidwa kunja, ife n'kumadikira zotsatira. Iwo anasonkhanitsa pamalo amodzi akimika, odziwa za tizilombo ndi oyeza mmene thupi limagayira mankhwala, ndipo achinyamata ochokera m'maiko ambiri a mu Africa aphunzira ntchitoyi m'manja mwao. Amalimbikiranso mfundo yakuti mlingo woyezedwa pa matupi a ku Ulaya suyenera aliyense. Ukafunsa akulu amene anamwapo efavirenz, mankhwala a HIV, umva za chizungulire ndi maloto oipa; anthu ambiri a kuno chiwindi chao chimagaya mankhwalawa pang'onopang'ono, choncho amachulukana m'magazi. Mu 2023 anakhala mkonzi wamkulu wa magazini ya ACS Medicinal Chemistry Letters, kutanthauza kuti ofufuza a ku Boston ndi ku Basel amatumiza zolemba zao kuti ziunikidwe pansi pa mwana wa ku Mpika.

Tsono iweyo. Kimika ilipo pa Universidade Eduardo Mondlane ku Maputo, ndipo ku Manhiça kuli malo ofufuzira zaumoyo omwe anayesa katemera wa malungo wa RTS,S. Gwiritsitsa kimika ya organiki, ndi imene imagwetsa ambiri. Chingelezi uchiyambe pano, usadikire yunivesite, chifukwa zolemba za kafukufuku pafupifupi zonse zili m'chinenerocho ndipo Chipwitikizi chokha sichikufikitsa ku Cape Town. Bambo ako usakangane nawo. Uwauze zoona kuti ndi zaka pafupifupi 10 za sukulu usanayambe kupanga zako, ndipo mukhale pansi muone za bolsa, thandizo la maphunziro lija.