Kwa aphunzitsi a ku Ulongué: za njovu yojambula ija

Aphunzitsi, ndaona funso lanu. Mwati ana a m'kalasi mwanu aona pa foni kanema wa njovu itagwira burashi ndi chitamba ikujambula njovu inzake itanyamula duwa, ndiye mukufunsa ngati n'koyenera kuonetsa kalasi yonse pophunzitsa za nzeru za nyama. Ine ndinganene kuti aonetseni ndithu, popeza ena aona kale ndipo akhala akukambirana. Koma musawauze kuti njovuyo ikujambula zochokera m'mutu mwake. Muwapemphe kuti ayang'anitsitse munthu amene waima pafupi ndi khutu lake.

Makanema ambiri otere amachokera ku Thailand. M'chaka cha 1989 boma la kumeneko linaletsa kudula mitengo m'nkhalango, ndipo njovu zoweta zimene zinkakoka zipika zinasowa ntchito pamodzi ndi eni ake. Njovu imodzi imadya chakudya choposa makilogalamu 100 patsiku, ndiye munthu wosauka angaidyetse bwanji? Zambiri zinathera m'malo osangalatsa alendo. Katswiri wina wa zanyama wa ku Britain, Desmond Morris, anapita kukaonerera yekha n'kulemba zimene anaona mu 2009. Woyang'anira njovu amaima pambali atagwira khutu, n'kumalikoka pang'ono: akakokera m'mwamba kapena pansi burashi imatsata, akakokera m'mbali imatsatanso. Anaonanso kuti njovu iliyonse imabwereza chithunzi chake chomwecho tsiku ndi tsiku. Kuloweza kotere n'kwanzeru, sindikana, koma duwa lija ndi la munthu. Ndipo chimene kanema saonetsa n'chakuti m'malo ambiri mwana wa njovu amalekanitsidwa ndi mayi ake akadali wamng'ono, n'kumaphunzitsidwa kumvera ndi ndodo yokhala ndi ngowe yachitsulo. Ichi n'chimene chimandiwawa ndikamaona anthu akugawana makanemawa mosangalala.

Inalipo njovu ina, dzina lake Ruby, kumalo osungirako nyama ku Phoenix ku America. Oisamalira ankaiona ikukwekwesa pansi ndi kamtengo, ndiye anaipatsa burashi ndi penti. Zimene inkajambula zinali mizeremizere ya mitundu basi, popanda duwa kapena mtengo. Inafa mu 1998. Njovu ikasiyidwa yokha ndi burashi, zotuluka zake zimakhala zotero.

Muwaonetsenso ana kuti njovu za m'kanemazo ndi za ku Asia: makutu ang'onoang'ono, ndipo kunsonga kwa chitamba kuli kachala kamodzi. Zathu zino zili ndi tiwiri.

Tsono ngati mukufuna ana amve kuti njovu ili ndi nzeru, nkhani zake zili pakhomo pompano m'chigawo chathu cha Tete. Ine ndinakhalako zaka zingapo kwa amalume cha ku Zumbo, ndipo chimanga chikayamba kukhwima tinkagona kumunda. Usiku wina kunja kuli mwezi, amalume anandigwira mwendo osayankhula. Sindinamve mgugu uliwonse, chinyama chonsecho chimayenda ngati mphaka. Ndinangomva phesi likuthyoka. Nditasuzumira ndinaona njovu yaikazi yaikulu itaima m'mphepete mwa munda, chitamba chili m'mwamba ikununkhiza mphepo, zinzake zili phee m'tchire kudikira. Inaima choncho nthawi yaitali ndithu. Kenako inatulutsa kaphokoso kapansipansi, konga bingu lakutali, kamene ndinakamva m'chifuwa kuposa m'makutu, ndipo zonse zinatuluka. Tinaimba zitini, zinathawa. Patapita milungu iwiri zinali zitadziwa kuti chitini sichiluma: zinkangosuntha pang'ono n'kudikira kuti manja athu atope. Titayamba kuotcha tsabola wosakaniza ndi ndowe zake, mayi wa njovu uja anazungulira n'kudzalowera mbali imene mphepo inkachokera. M'mawa tinapeza mapazi aakulu ngati lichero, ndi tina tating'ono titaponda m'kati mwake. Amalume anaima pakati pa mapesi ogwa osanena kanthu mpaka dzuwa linakwera.

Mayi ameneyo ndiye phunziro lanu. Njovu zimakhala ngati ife Achewa: gulu ndi mbumba ya akazi, agogo, ana awo aakazi ndi zidzukulu. Zamphongo zikafika zaka 12 mpaka 15 zimachoka pamudzi, monga mwamuna wopita kuchikamwini. Mukawafotokozera choncho, ana a ku Angónia amva msanga. Bere la njovu limatenga miyezi 22, mwana amayamwa zaka zingapo, ndipo nthawi yonseyo akuphunzira kwa akulu njira za kumadzi, nyengo imene masau ndi mfula zimagwa, ndi malo oyenera kuwapewa. Ku Tarangire, ku Tanzania, kunagwa chilala choopsa mu 1993. Magulu amene ankatsogoleredwa ndi njovu zokalamba, zimene zinaonapo chilala cha zaka za 1958 mpaka 1961, anachoka kukafuna madzi kutali, ndipo ana awo ambiri anapulumuka. Gulu limene mtsogoleri wake anali wocheperako msinkhu linakhala pomwepo ndipo linataya ana ambiri. Paja timati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Mlenje akapha njovu yokalamba chifukwa cha minyanga yake, amasiya mbumba yonse yosadziwa kolowera.

Palinso kafukufuku wa ku Amboseli ku Kenya, wotsogoleredwa ndi Karen McComb, amene anatuluka mu 2014. Anajambula mawu a anthu a mitundu iwiri akunena chiganizo chimodzi, aliyense m'chinenero chake. Amasai ndi oweta ng'ombe ndipo nthawi zina amabaya njovu ndi mikondo, pamene Akamba ndi alimi. Njovu zikamva mawu a mwamuna wachimasai zinkaunjikana n'kuika ana pakati. Zikamva a Mkamba, kapena a mkazi ndi mnyamata wachimasai, sizinkatekeseka kwambiri. Taganizani, nyama kusiyanitsa zinenero za anthu, ndiponso kudziwa kuti woopsa ndi bambo osati mwana!

Za chisoni ndikupatsani nkhani imodzi yokha, chifukwa inalembedwa ndi anthu amene anaionerera. Mu 2003 ku Samburu, ku Kenya konko, njovu ina yotsogolera banja, imene ofufuza ankaitcha Eleanor, inadwala n'kugwa. Njovu ya banja lina, Grace, inathamangira pomwepo n'kuidzutsa ndi minyanga yake. Itagwanso, Grace anapitiriza kuikankha uku akulira, osachokapo. Eleanor anafa m'mawa mwake, ndipo m'masiku otsatira mabanja asanu osiyana anafika pamtembopo, ena akuukhudza ndi chitamba ndi mapazi. Ife amene timadziwa kuti maliro salira mwini yekha, nkhani iyi sitivutika kuimva.

Koma imene ndikanakonda kuti musaisiye ndi ya ku Gorongosa, ku Sofala, chifukwa ndi yathu. Pa nkhondo yapachiweniweni ya muno m'Mozambique ya 1977 mpaka 1992, njovu pafupifupi 90 pa 100 zilizonse kumeneko zinaphedwa, minyanga n'kumagulira zida, nyama n'kumadyetsa asilikali. Mwa zazikazi zimene zinatsala, pafupifupi theka zinali zobadwa zopanda minyanga, chifukwa ndizo zimene alenje ankazisiya, ndipo kafukufuku wa mu 2021 anaonetsa kuti zapatsira ana awo aakazi chibadwa chimenechi. Joyce Poole, amene waphunzira njovu moyo wake wonse, anapeza kuti zokalamba za ku Gorongosa zinkathamangitsa magalimoto mwaukali zaka zambiri nkhondo itatha, ana awo n'kumatengera. Ambiri mwa ana anu agogo awo anathawira ku Malawi nthawi imeneyo, ndipo pali ena mpaka lero amadzidzimuka chinthu chikaphulika. Mukaifotokoza mofatsa, ana amvetsa okha chifukwa chake njovu zimenezo sizikhulupirira munthu.

Ngati mukufuna chinthu choti ana achite ndi manja, bweretsani galasi lodziyang'anira. Mu 2006 ku New York, ofufuza anaika galasi lalikulu m'khola la njovu zitatu n'kuzilemba chizindikiro choyera pamutu, pamalo pamene sizikanadziona popanda galasi. Imodzi, dzina lake Happy, itadziona inayamba kukhudza chizindikirocho ndi chitamba mobwerezabwereza, kusonyeza kuti yazindikira kuti ya m'galasiyo ndi iyo yomwe. Ziwiri zinazo sizinatero, ndipo zimenezonso muwauze. Ana angayese ndi nkhuku kapena galu kunyumba, adzabwera ndi nkhani zambiri.

Ndikupempheni chinthu chimodzi, aphunzitsi. M'kalasimo mungakhale mwana wochokera ku Chifunde, ku Marávia kapena ku Mágoè, amene kwawo anagonapo ndi njala chifukwa cha njovu, mwinanso anataya mbale wake. Musamuuze kuti njovu ndi yofatsa, chifukwa akudziwa kuti si zoona, ndipo akangokukayikirani pamenepo sadzamvanso zotsalazo. Mulekeni afotokoze zimene anaona. Kenako muwauze za ming'oma ya njuchi. Wofufuza wina ku Kenya, Lucy King, anaonetsa kuti njovu zimaopa njuchi, chifukwa zimaziluma m'chitamba ndi m'maso, ndipo alimi akamangirira ming'oma kuzungulira munda n'kuilumikiza ndi waya, njovu ikagunda waya njuchi zimadzuka, iyo n'kubwerera. Sikuti njira imeneyi imatchinga zonse, makamaka chilala chikathamangitsa njuchi m'ming'oma, koma mlimi amapezanso uchi wogulitsa.

Ntchito ya kunyumba, atumeni kwa agogo awo akafunse kuti njovu zinkadutsa kuti kale, ndiponso chifukwa chake Njovu ya Gule Wamkulu situluka wamba koma pa zinthu zazikulu monga maliro a mfumu. Kanema uja mudzawaonetse tsiku lomaliza, atabwera kale ndi mayankho a agogo, ndipo mukafika pamene dzanja la munthu lili pakhutu mudzaimitse.