Amuna anga ali ndi mkazi wina mu gemu ya zamatsenga

Zikomo Anti,

Ndithandizeni mutu wanga sukugwira. Tatha zaka 6 m'banja tili ndi ana awiri, abambo akunyumba samwa mowa komanso sayendayenda koma chiyambire chaka chino Lachisanu lililonse amakhala pa laputopu atavala mahedifoni mpaka 1 koloko usiku, akuti akusewera Dungeons & Dragons ndi anzawo a ku Joni. Ndimawamva ndili kuchipinda akukamba za mzinda wina wake Sharn, eti nyumba zake nsanja zokhazokha zofika m'mitambo, nyale sizizima, sitima imayendera mphenzi, malaya akang'ambika ungonena mawu basi asokeka. Pomwe ine magetsi azima ndikukupiza mbaula ndekha mwana ali kumbuyo. Chandiwawitsitsa sabata yatha ndinawamva akuti "mkazi wanga watseka kale shopu", nditafunsa akuti ndi wa mu gemu amagulitsa naye mankhwala. Apongozi atamva za matsengazo akuti mwana wawo walowa zasataniki. Ndiitane ankhoswe?

Mayi wa ana awiri, Lilongwe

Mwana wanga,

Pepani, mawu oti mkazi wanga kuwamva akunenera wina amabaya ndithu olo akhale a masewera. Koma tiyambe ndi apongoziwo chifukwa nkhani yawo ndi imene ingakuwotchereni nyumba msanga.

Gemu imeneyi ndi yakale, inatuluka mu 1974 ku America, anaipanga Gary Gygax ndi Dave Arneson. Ndi nthano basi, ngati zija tinkati padangokhala ena nkumayankha tili tonse, kungoti apa aliyense amatenga munthu mmodzi wa m'nthanomo nkumamuyankhulira, wina amene amamutcha Dungeon Master ndiye amafotokoza zomwe zikuchitika, ndipo munthu akafuna kuchita chinthu chovuta amaponya dayisi ya mbali 20 kuti aone ngati chatheka. Palibe chizimba, palibe kutema mphini. Sharn yo ili m'dziko lopeka la Eberron lomwe analemba Keith Baker nkutuluka mu 2004, kumeneko matsenga ndi ntchito wamba ngati ya telala kapena wokonza mapaipi, ndiye chifukwa chake mukumva za nyale ndi sitima. Ku America komweko m'ma 1980 makolo ambiri anachitanso mantha ngati apongozi anuwa, si oyamba ayi. Akhazikeni pansi mwaulemu muwafotokozere, mawu a zasatanikiwo asatuluke pa mpanda, mukudziwa nokha kuti kuno munthu akangonenedwa ufiti zimathera pena, komanso lamulo lathu la 1911 limati kunenera munthu ufiti ndi mlandu.

Tsopano mkaziyo. Funso ndi limodzi, amamuyankhulira ndani? Nthawi zambiri anthu ngati amenewa amawayankhulira Dungeon Master yemweyo, mwina ndi bambo wandevu zake ku Joni amene akusewetsanso mfumu, wapolisi ndi wogulitsa buledi. Ngati zili choncho mtima ukhale pansi. Koma ngati ndi mzimayi weniweni ndipo gemu ikatha amapitiriza ku inbox pa WhatsApp, foni nkumabisidwa, imeneyo si nthanonso ndipo ankhoswe abwere. Afunseni amuna anuwo masana mutadya, osati pakati pa gemu anzawo akumva.

Ine pomwe pandikhudza kwambiri ndi pa mbaula paja. Mwalemba mochita kudutsa koma ndaona kuti bala lili pamenepo, bambo akudziwa kuti shopu ya ku Sharn yatsekedwa nthawi yanji pomwe nsima ya kwawo sakudziwa kuti yapsa bwanji. Auzeni choncho ndithu, ndi mawu anu omwewa. Musawaletse gemu, munthu wogwira ntchito sabata yonse amafuna popumira ndipo bola apa ali m'nyumba mukuwaona, koma mugwirizane kuti asanayatse laputopu ana akhale atasamba ndi kugona iwo atathandiza, 11 koloko azitseka, bandulo isamadye ndalama ya ndiwo, ndipo inunso mukhale ndi tsiku lanu lopuma iwo atsale ndi ana.

Lachisanu likubwerali apempheni achotse mahedifoni, mukoke mpando mumvere nawo ola limodzi. Akakulandirani nkukudziwitsani kwa anzawowo kuti awa ndi mayi akunyumba, ankhoswe asiyeni agone. Akakana mundilemberenso.

Anti