Mafuta a rapeseed akununkha penti: yankho kwa achemwali a ku Leeds

Achemwali, mwati mwezi wa June munagula chigubu cha malita 5 cha mafuta a rapeseed a cold-pressed pashopu ya pafamu. Ena munathira m'botolo loonekera mkati n'kuliika pawindo pafupi ndi kuka (chitofu chophikira), ndiye pano akununkha ngati penti. Mukufunsa ngati anakugulitsani oonongeka kale. Ine ndikukayika. Yambani mwanunkhiza otsala m'chigubumo. Mukapeza ali bwinobwino, mlandu ndi wa windo lanulo.

Mafutawa amachokera ku njere za mbewu ija imasandutsa minda ya kuno ku England kukhala yachikasu mu April ndi May, m'bale wake wa repu amene timadyera nsima kumudzi. Akalemba kuti cold-pressed ndiye kuti njerezo angozifinya osazitenthetsa, n'kusefa, basi. Aja otchipa a m'supamaketi amawayeretsa ku fakitale mpaka mtundu ndi fungo kutheratu. Anuwo sanayeretsedwe, n'chifukwa chake ndi achikasu kwambiri ndipo amanunkhira ngati mtedza. Koma m'menemo mumatsalanso chlorophyll, kaja kamabiriwitsa masamba. Mumdima kamagona. Kuwala kukangofika, kamathandiza mpweya kudya mafutawo mofulumira. Opanga akamawaika m'mabotolo agalasi akuda kapena m'zitini si kukongoletsa ayi.

Fungo la pentilo silinangobwera. Pafupifupi 10 peresenti ya mafuta a rapeseed ndi omega-3, mtundu wa mafuta ofunika m'thupi, pamene mu olive oil safika ndi 1 peresenti yomwe. Omega-3 ameneyu ndi amene timalipirira ndalama zambiri, koma ndi yemwenso amayamba kuonongeka akakumana ndi mpweya. Mafuta a linseed, amene amapangira penti, oposa theka ndi omega-3 yemweyo, ndipo penti amauma chifukwa cha zomwe zachitika m'botolo mwanuzo. Gwirani pakamwa pa botololo, mupeza pakumata ngati ulimbo.

Kuka uja waonjezera moto. Kutentha kukakwera ndi madigiri 10, liwiro la kuonongeka limawirikiza pafupifupi kawiri. Ndiye dzuwa la July pawindo, nthunzi ya mapoto, botolo lotsegulidwa tsiku ndi tsiku, mafuta akanalimba bwanji?

Inenso zinandionekera. Ndinkangothira atsopano pamwamba pa otsalira m'kabotolo kanga, osakatsuka, kuopa kutaya timadontho. Tsiku lina ndinakazinga anyezi ndi tomato wothira mu nyemba, alendo ali pabalaza. Kulawa supuni imodzi, pakhosi kuyabwa ngati ndadya nsinjiro za chaka chatha. Mafuta akale amapatsira atsopano, sizichedwa. Kuyambira pamenepo kabotolo kakatha ndimakatsuka ndi sopo n'kukasiya kaume gwa, chifukwa madzi otsalira nawonso amaononga.

Chigubucho chisungeni m'kabati yamdima, yozizira, kutali ndi uvuni, chotseka zolimba. Pophikira muzingokhala kabotolo kakuda ka theka la lita. Chigubu chikafika pakati, mpweya umachuluka pamwamba pa mafuta, ndiye ndi bwino kugawa otsalawo m'mabotolo odzaza mpaka m'khosi. Mufiriji mukhoza kuika, akachita mbuu musadandaule, amayeranso akafunda. Deti lothera ntchito la pachigubu lija limawerengera chosatsegula. Kunena zoona, ngati pakhomo muli anthu awiri okha, malita 5 ndi ambiri. Kutchipa kwake kumathera m'bini.

Izi ndimauzanso amayi anga kumudzi. Mafuta a mpendadzuwa oyengedwa pamakina a m'maboma mwathu nawonso ndi osayeretsa, koma pamsika amakhala pabenchi padzuwa tsiku lonse, m'mabotolo amene munali madzi akumwa, ena m'timachubu. Ndimawauza kuti azigula kwa amene amasunga pamthunzi, ndipo azinunkhiza asanapereke ndalama.

A pawindowo musaphikirenso. Sangakutseguleni m'mimba ngati nyama yovunda, koma vitamini E ndi omega-3 mudagulira zija zapita, ndipo ndiwo zidzawawa. Musawathire mu sinki, amatseka mapaipi. Atsekereni m'botolo lomwelo mukasiye kumalo a khonsolo otayira zinyalala, ambiri amalandira mafuta ophikira. Mukanunkhiza chigubu chija mutiuze. Ngati nacho chikununkha penti pamene chakhala mumdima chotseka, pamenepo bwererani nacho kushopu ndi lisiti lanu.